Mmene Likongwe Anaphunzitsira Ana a Nkhanga Ulemu

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani ndimve, Likongwe ndi njala yake. Masiku amenewo mbalame zinali ndi ufumu wawo. Pamwamba panali mfumu Nkhwazi, pansi pake panali nduna, ndipo pansi pa nduna panali akazi a nduna, amene ankadzimva kuposa mfumu imene.

Likongwe za ufumu analibe nazo ntchito. Iye ankafuna anapiye basi. Chaka chimenecho Mayi Nkhanga, akazi a nduna yaikulu, anaswa anapiye onenepa bwino, ndipo Likongwe akawaona akudutsa malovu ankachita kudontha okha. Koma kuwagwira kunali kwina.

Chomulepheretsa chinali masewera. Kukangocha, ana a Nkhanga ankasakanikirana ndi ana a Nkhwali, mayi wosauka wa kumapeto kwa mudzi, n'kuyamba masewera awo a Kabawi. Mmodzi ankakhala Kabawi, mbalame yolusa ija yofwamba anapiye. Enawo ankamuzungulira akuimba kanyimbo kawo. Wotsogolera ankafunsa ngati kunyumba kuli anthu, anzake n'kumavomera kuti onse apita kumunda, mobwerezabwereza, liwiro likukwererakwerera, mpaka pomaliza onse n'kuomba mapiko kamodzi. Akangoomba, balala! Aliyense pake, mimba pansi, ziii. Ndiye Kabawi wa masewerayo ankayendayenda akuitana anzake mayina, akuwalonjeza ngumbi, akuyerekeza mawu a amayi awo. Woyankha ndiye wagwidwa. Panalibe mwana wofuna kugwidwa, moti ngakhale linthumbu limulume ankangoti phee.

Tsiku lina Likongwe anawazembera n'kuwalumphira. Anagwira fumbi. Anawaitana ndi mawu okoma, ziii. Anafinya kukhosi n'kuyerekeza mawu a Mayi Nkhanga, ziii. Atatopa n'kumachoka, anamva kumbuyo kwake ana akufa nalo phwete, ndipo kamodzi kanali kakuyerekeza mmene iye amayerekezera amayi awo. Kenaka nyimbo ija inayambiranso ngati palibe chachitika.

Likongwe anakhala pansi n'kuganiza. "Tianati sindingatithe," anatero chamumtima. "Koma amayi awo ndiwatha."

Anasamba, anasalaza ubweya, anatenga ndodo ndi kaphukusi ka ziwala, ulendo kwa anduna.

"Odi kuno!"

"Odini," anayankha Mayi Nkhanga, akumuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira. "Kodi inu si a Likongwe, odya ana a eni aja?"

"Kale limenelo, mayi. Nyama ndinasiya nditalowa ntchito kunyumba ya mfumu. Panopa ndimadya ziwala basi." Anatulutsa chiwala n'kuchitafuna pomwepo. Mwendo wake unamukola pakhosi mpaka misozi inalengeza, ndipo Mayi Nkhanga anaiyesa misozi ya munthu wolapa.

"Mwati kunyumba ya mfumu?"

"Eee, ana a Nkhwazi ndinawalera ndine. Kayendedwe, kakhalidwe, kayankhidwe, zonse zija ndi manja anga." Likongwe ngakhale kudzala la mfumu anali asanafikeko. "Ndamva kuti mukakolola ana a nduna akukaonekera pamaso pa mfumu, ndiye ndinati ndidzaone anu. Koma ndifunse kaye. Tiana ndakumana nato panjira, tambuu ndi fumbi tija, ndi ta wantchito wanu?"

Mayi Nkhanga anayankha motsitsa. "Ndi anga."

"Ooo. Pepani. Ayi ndithu, pepani kwambiri. Ndinawapatsa moni, iwo anangoti balala. Koma mwina ndi chilendo. Taitanani mmodzi timve."

"Kadzamira!" Mayi Nkhanga anaitana mwana wake wachisamba. Nthawi imeneyo n'kuti masewera ali pakati, ndiye kunali ziii. "Msatida!" anaitana kachitsirizira, kamtsikana. Ziii. Amayi amene ankasinja pafupi anaimika misi yawo n'kumamvetsera. Mayi Nkhanga anakuwa mpaka mawu anasasa, koma ana anali atagona pamimba penapake, akunyadira kuti lero Kabawi wayerekeza bwino koma sawapusitsa.

Likongwe anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kunyumba ya mfumu mwana akatero samukalipira iye. Amangofunsa kuti mayi wake anakulira kuti."

Mawu amenewo anamulowa Mayi Nkhanga mpaka m'mafupa. Anamugwira mwendo Likongwe kuti awaphunzitsire anawo mwambo. Likongwe anakana kaye, ati ntchito zamuchulukira, kenaka anavomera ngati wokakamizidwa. Malipiro ake anali lichero la ziwala tsiku lililonse, ndipo ankayenera kudya pamaso pa onse akumwetulira.

Mwina wina afunsa kuti bwanji sanangogwira mmodzi n'kuthawa naye. Likongwe sanali wa mmodzi. Ankafuna onse, popanda wotsala wokaulula, chifukwa nkhanga zikakwiya pamodzi zimajompha mpaka maso. Komanso nthawi inali yochepa. Nthenga za m'mapiko mwa anawo zinali zitayamba kutuluka, ndipo tsiku limene akanatha kuulukira mumtengo, iye akanatsala ndi ziwala zake mpaka imfa.

Phunziro loyamba linachitikira pabwalo, amayi onse akuonerera.

"Kuyambira lero masewera atha," anatero Likongwe. "Nyimbo ija ndi ya ana a anthu wamba. Mwana wa nduna amakhala pamphasa, miyendo pamodzi."

"Nanga tizitani pamphasapo?" anafunsa Msatida.

"Muzikhala."

"Tikakhala?"

"Muzikhalabe."

Ana anakhala. Kumapeto kwa mudzi ana a Nkhwali anayamba nyimbo ija, wotsogolera akufunsa za anthu a kunyumba, anzake akuvomera za kumunda, ndipo timiyendo ta ana a Nkhanga tinayamba kugwedezeka tokha pamphasa. Mayi Nkhanga anathyola kamkwapulo n'kutiletsa.

Madzulo ake Nkhwali anabwera, anagwada patali monga mwa anthu osauka.

"Mayi, ndimati ndifunse. Ana anu adwala? Anzawo awasowa."

"Akuphunzira."

"Kwa a Likongwe? Iii, mayi, inu! Masewera aja si ongotaya nthawi. Ife tonse tili moyo chifukwa cha omwe aja. Inu nomwe paja pobisala munalibe mnzanu."

"Ine? Ine sindinasewerepo m'fumbi ndi munthu. Ndipo ana ako asapondenso pakhomo pano, amabweretsa utitiri."

Linali bodza lamkunkhuniza. Pautsikana wake Nkhanga ankabisala mpaka anzake kulira pomufuna. Koma kukwatiwa ndi nduna kumaiwalitsa zambiri. Nkhwali anadzuka, anakutumula fumbi m'maondo n'kubwerera kwawo.

Patapita masiku Likongwe anati nthawi ya mayeso yakwana, ndipo mayeso a kunyumba ya mfumu makolo saonerera. Anatenga anawo n'kupita nawo kuseri kwa chulu. Atafika anatembenuka mwadzidzidzi, mano pamtunda, n'kulumpha kuti aone amene atsale. Balala! Nyimbo panalibe, koma miyendo inali ikukumbukira. Anaitana, anaitana, ziii.

Anabwerera kwa Mayi Nkhanga nkhope ili gwa.

"Zayenda bwanji, aphunzitsi?"

"Mayi, ine ndakalamba pa ntchito imeneyi, koma zotere sindinazione. Ndangoyetsemula, onse kuthawa. Kuwaitana, osayankha. Mfumu ikadzayetsemula adzateronso?"

"Kalanga ine! Nditani?"

"Ine sindimenya mwana wa mwini. Koma inu ndi mayi."

Tsiku limenelo kamkwapulo kanagwira ntchito mpaka kuthyoka, ndipo Likongwe ankangoonerera akutafuna chiwala. Zinamukomera kuona kuti ntchito yolemetsa akumugwirira ndi mwini ana.

Phunziro lachiwiri linali la kuyankha.

"Wamkulu akaitana, mwana amati wawa," anatero Likongwe. "Kaya uli kuti, kaya ukutani. Kadzamira!"

"Wawa!"

"Mwamva kukoma kwake? Uyu ndiye magazi a nduna. Msatida!"

Msatida anamuyang'ana. "Nanga woitanayo akakhala Kabawi?"

"Kabawi ndi wamkulu kapena mwana?"

"Wamkulu."

"Ndiye ukufunsa chiyani?"

Amayi a pabwalo anaseka n'kuyamikira nzeru za aphunzitsi. Msatida analandira mkwapulo wa tsikulo. Kadzamira anali mwana wofuna kukondweretsa amayi ake, ndipo ataona mmene nkhope yawo inkawalira iye akati wawa, anayamba kuyankha ngakhale asanamalize kumuitana. Abale ake anatengera iye. Mayi Nkhanga ankangowaitana popanda chifukwa, makamaka pakabwera alendo.

Anapitanso kuseri kwa chulu. Likongwe analumpha, ana balala. Koma ulendo uno ataitana Kadzamira, mu udzu munamveka wawa. Anathamangira komweko, n'kupeza palibe. Anaitananso, wawa anamvekera kumbuyo kwake. Anawo ankayankha monga anawaphunzitsira, koma akangoyankha ankasuntha chokwawa monga ankachitira pamasewera Kabawi akayandikira. Likongwe anazungulira chulu, uku wawa, uko wawa, mpaka lilime linatuluka. Choipa kwambiri n'chakuti anaona mmodzi akudumpha chitsamba, timapiko tikumunyamula pang'ono.

Anafika kwa Mayi Nkhanga akupuma mwawefuwefu, ndipo mantha ake tsopano anali enieni.

"Mayi, nthawi yatithera. Ana anu akuyankha, inde, koma akuyankhira kutali ngati akuitanidwa ndi mnzawo. Mwana wamwambo akaitanidwa amabwera, amagwada, maso pansi, osadzuka mpaka wamkulu amuuze."

"Ngakhale wamkuluyo atakwiya?"

"Makamaka atakwiya."

Phunziro lachitatu linali lowawa. Ana ankagwada kuyambira mmawa, Likongwe akuwazungulira, akuwakuwira m'makutu, akuwalumphalumpha, akuwanunkhiza m'khosi. Wogwedezeka, mkwapulo. Wokweza maso, mkwapulo. Kutali ana a Nkhwali ankaimba nyimbo yawo, koma tsopano pamphasa panalibe mwendo wogwedezeka, kupatula wa Msatida. Iye ankaing'ung'udza chapansipansi, ndipo anzake akaomba mapiko kutaliko mapewa ake ankanjenjemera. Anakwapulidwa kuposa onse, ndipo amayi ake ankamutchula kuti chimwana chochititsa manyazi.

Pomaliza Likongwe anatha kuyika mano ake pakhosi pa Kadzamira, mwanayo osaphethira n'komwe. Amayi a pabwalo analuluta. Mayi Nkhanga anayenda uku ndi uku khosi lili m'mwamba, akufunsa aliyense ngati anaonapo mwana wotere.

"Mawa mayeso omaliza," anatero Likongwe, ndipo lichero la ziwala la tsikulo sanalikhudze.

Mmawa mwake anawasiya anawo mbali ina ya chulu, iye n'kupita mbali inayo, ati aziitana mmodzimmodzi.

"Kadzamira!"

"Wawa, aphunzitsi!"

Mwanayo anabwera chothamanga, atasambitsidwa bwino ndi amayi ake, anagwada n'kuzyolika. Apa ine mtima umandiwawa nthawi zonse, chifukwa mwana uja sanalakwe kanthu. Anangochita zimene anamuuza kuti n'zabwino. Sanakuwe n'komwe, poti anamuphunzitsa kuti pamaso pa wamkulu sachita phokoso.

Likongwe anapukuta pakamwa n'kuitana wotsatira. Anabwera. Anaitana wina, anabwera. Aliyense ankapeza nthenga za mbale wake pansi, n'kugwada pambali pake, maso pansi. Mimba ya Likongwe inafika pokhudza nthaka.

"Msatida!"

Ziii.

"Msatida, mwana wabwino, bwera udzalandire mphatso yako!"

Ziii. Anazungulira chulu, anapeza palibe. Anaopseza kuti akanena kwa amayi ake. Anayerekeza mawu a Kadzamira. Anafufuza mu udzu mpaka dzuwa linafika pamutu, koma ndi mimba imeneyo ngakhale kuwerama kunali kovuta. Pomaliza anagwa ulesi. "Kamwana kamodzi," anadziuza, "ndani angakamvere?" Anagubuduka m'fumbi, anadzikanda khutu mpaka magazi, n'kulowa m'mudzi akulira mokweza.

"Mayo ine! Kabawi! Kabawi weniweni! Ndinalimbana naye, onani khutu langali, koma wawatenga onse!"

Mudzi wonse unasonkhana. Mayi Nkhanga anadzigwetsa pansi n'kulira kulira kwenikweni, kwa mayi, ndipo amayi anzake anamugwirizira. Anduna anatumiza uthenga kuti ali pa milandu ya mfumu, abwera ikatha. Likongwe anakhala pamphasa ya alendo olemekezeka, akubisa kugeya m'kati mwa kusisima.

Kulira kutachepa, Mayi Nkhanga anadzutsa mutu.

"Aphunzitsi, ndiuzeni zoona. Kabawi atabwera, ana anga anathawa?"

Likongwe anayang'ana nkhope yake, anayang'ana amayi amene anatchera khutu, ndipo anadziwa yankho lofunika.

"Ayi, mayi. Sanathawe. Anawaitana mayina, iwo anayankha. Anabwera, anagwada. Kadzamira mpaka anamupatsa moni. Ana a mfumu amene sakanatha kufa mwaulemu chotero."

Mayi Nkhanga anapukuta misozi. Anatembenuka kuona ngati akazi a nduna zina amva.

"Mwamvatu," anatero. "Anagwada. Anawo anali oleredwa."

Nkhwali, amene anabwera kudzakhuza maliro, anaimirira osatsazika, analavula pansi n'kumapita.

Nthawi yomweyo pabwalo panatulukira Msatida, thupi lonse fumbi. Anali atagona pamimba pafupi ndi chulu mmawa wonse, ndipo zonse anaziona ndi maso ake.

"Amayi, si Kabawi!" anakuwa, akuloza ndi phiko. "Ndi awa! Awadya ndi awa, ine ndimaona!"

Milomo ya nkhanga zonse inatembenukira kwa Likongwe. Iye thukuta linamutuluka mpaka kumchira. Anayang'ana njira yothawira, koma anadziwa kuti ndi mimba yotero sakanafika n'komwe pankhokwe. Ndiye anangousa moyo n'kulankhula motsitsa.

"Mwana kuloza wamkulu pamaliro. Kudula akuluakulu pakamwa. Ayi, apa ndinalephera ndithu." Anapukusa mutu. "Ine sindidziteteza kwa khanda, mayi. Koma mwina mungamufunse kuti abale ake onse pamene amamvera, iyeyu anali kuti."

Akazi a nduna anayamba kunong'onezana. Mayi Nkhanga anamva kunong'onako, ndipo anaiwala kuti pa ana ake onse watsala ndi mmodzi yekhayu. Sanamukumbatire. Sanayang'ane n'komwe mimba ya aphunzitsi, imene ngakhale wakhungu akanaikhudza n'kudabwa.

"Unali kuti?" anafunsa.

"Ndinabisala."

"Anakuitana?"

"Eee."

"Unayankha?"

"Ayi, amayi. Ndikanayankha bwenzi..."

"Khala chete! Abale ako afa ngati ana a nduna, iwe wakhalira moyo mwano, ndiye ukubwera kudzandivula pagulu? Pita ukagwade kwa aphunzitsi ako upepese. Msanga!"

Msatida anayang'ana amayi ake nthawi yaitali. Anayang'ana Likongwe, amene anali atatambasula kale manja kuti amukhululukire. Kenaka anatembenuka, anadutsa pakati pa miyendo ya olira maliro, n'kulowa mu udzu.

"Msatida! Bwera kuno! Msatida!"

Mayi Nkhanga anaitana mpaka dzuwa linapendeka. Mwanayo sanayankhe, ndipo pakhomo paja sanapondeponso. Ena amati anakulira kwa Nkhwali.

Maliro atatha, anthu atameta n'kubalalika, Likongwe anatenga ndodo yake kuti azipita. Mayi Nkhanga anamuperekeza mpaka panjira, atamunyamulira lichero la ziwala.

"Aphunzitsi, mutikhululukire za mwana uja. Ameneyo munamupeza atawonongeka kale ndi masewera. Kulakwa n'kwanga, ndinachedwa kukudziwani."

"Zimachitika, mayi."

"Koma musatitaye. Mvula ikubwerayi ndiswa ena. Amenewo mudzawatenge akangotuluka m'dzira, asanalawe n'komwe kusewera."

Likongwe anamuyang'anitsitsa. Ananamiza anthu ambiri, koma munthu wodzinamiza yekha chotere anali asanamuone, ndipo ngakhale iye zinamuchititsa nthumanzi. Koma nthumanzi ya Likongwe sichedwa kutha.

"Mukangomva dzira loyamba likusweka, mudzanditumizire mawu," anatero. "Ndidzabwera ndekha."

"Zikomo, aphunzitsi," anatero Mayi Nkhanga, ndipo anagwada.

Yanga yathera pamenepa. Mbatata munandiikira pamoto ija phulani mudye nokha, ine mtima wachita nseru.